Pasiwedi Inalibe Mlandu

Lachitatu lina m'mwezi wa June chaka chatha, pa ofesi ina yaing'ono kufupi ndi msika wa Mtakataka, mayi wina wachikulire analemba pasiwedi yake kasanu ndi kawiri, ndipo maulendo onsewo kompyuta inawakana. Panja, pansi pa mtengo wa mango, alimi a mpunga anali atadzaza. Ena anakhala pamatumba awo, ena anatsamira njinga, ena anali atayamba kale kusuzumira pawindo. Anali atalawirira kuchokera kuminda ya m'chigwa cha Bwanje kudzayezetsa mpunga ndi kulandira malisiti. Wopanda lisiti sakanalandira ndalama Lachisanu.

Ine ndinali pomwepo ngati wophunzira wa ICT wa chaka chachitatu amene wabwera pa attachment. Ndinali nditatha masabata awiri okha, ntchito yanga yaikulu ili kusintha inki ya printer ndi kuphunzitsa anthu kusunga fayilo pa flash. Koma paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndiye maso onse anatembenukira kwa ine.

Bungwe lake sindilitchula dzina. Limagula mpunga kwa alimi, kuupuntha ndi kukagulitsa m'tauni, ndipo likulu lake lili ku Lilongwe. Kale zonse ankalemba m'mabuku a hadikava. Pa nthawi imene ndinafika anali ndi kapulogalamu pa laputopu kamene kamalumikizana ndi database ya MySQL yokhala pa seva ya kulikulu. Kalaliki akalemba dzina la mlimi, nambala ya foni, makilogalamu, ndi mtundu wa mpunga, kaya Kilombero kaya Faya, zonse zimakalowa ku Lilongwe nthawi yomweyo, ndipo a zachuma amatumiza ndalama pafoni potengera zimenezo. Intaneti yake inali ya karauta ka SIM card kamene tinkakakhazika pawindo, pamwamba pa chitini cha penti, poti m'pamene netiweki inkagwira bwino.

A manejala anaima kumbuyo kwa mayiwo n'kunena moseka, "Amayi, mwaiwala basi. Ukalambatu umenewu." Mayiwo sanaseke. Anagwira ntchito pamalopo kuyambira kompyuta zisanabwere, ndipo panali manong'onong'o akuti kulikulu akufuna kuikapo mnyamata wa MSCE "wodziwa makina". Anangoti, "Bwana, pasiwedi ndi yomwe ija, sindinaisinthe."

Ndivomereze pano kuti ine ndinakhulupirira a manejala. Ndinawauza mayiwo kuti aone Caps Lock. Ndinawapempha alembe pang'onopang'ono ndi chala chimodzi. Ndinafika pofunsa ngati mwina akusokoneza ziro ndi chilembo O. Pa sikirini panali uthenga wa mzere umodzi, ERROR 1045, wonena kuti "Access denied for user", kenako dzina la akaunti yawo, kachizindikiro ka @, manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, n'kumaliza ndi "using password: YES". Ndinawerenga mawu awiri oyambirirawo n'kuimira pomwepo. Kukanidwa ndi kukanidwa, ndinatero mumtima, pasiwedi yalakwika.

Tinaimbira munthu wa IT ku Lilongwe. Foni sinayankhidwe. Tinatumiza uthenga pa WhatsApp, unangoonetsa kuti wafika. Apa dzuwa linali litakwera, ndipo kutentha kwa kunsi kwa phiri n'kosiyana ndi kwa Dedza boma ngakhale mu June. Ndipo a manejala anatsegula buku la malisiti kuchikuto chakumapeto, pamene panalembedwa ndi bolopeni yofiira dzina la akaunti yawo ndi pasiwedi yake. Tinayesa, inalowa nthawi yomweyo.

Tinagwira ntchito ngati makina. Mayi aja anapita kusikelo, ine pa kiyibodi, kenako a manejala, kenako mayiwo, tikusinthanasinthana. Pofika 1 koloko mzere unali utatha. Madzulo ake ndinalemba mu logbook yanga kuti ndathetsa vuto la login. Lachinayi tinachitanso chimodzimodzi, poti njira inali itapezeka.

Lachisanu madzulo kunabwera mayi wina wa cha ku Golomoti ndi mwana wake wamwamuna wa Fomu 2. Ndalama zimene zinalowa pafoni yawo zinali za makilogalamu 70, koma iwo ankanena kuti anabweretsa 170. Lisiti linkanenanso 70, ndipo mayiwo anali atalipinda n'kulimanga pansonga ya chitenje osaliwerenga. Mwanayo ndi amene anazindikira. Ndalama yotsalayo inali ya fizi yake.

Mu database imeneyo mzere uliwonse umasunga dzina la akaunti imene yaulemba ndi nthawi yake. Tinatsegula. Mizere yonse ya Lachitatu ndi Lachinayi inali ndi dzina limodzi, la a manejala. Anthu atatu tinagwira kiyibodi, koma makina ankadziwa munthu mmodzi, ndipo munthu ameneyo ndiye anali woweruza mlanduwo. Anatembenukira kwa kalaliki. Mayiwo sanayankhe kanthu, anangotsegula kabati n'kutulutsa hadikava yakuda. Chikhalirecho iwo sanasiye kulemba pamanja chilichonse chodutsa pasikelo, ngakhale kulikulu anawauza kalekale kuti mabuku atha ntchito. Munali 170, dzina lake, tsiku lake. Nditayang'ananso nthawi ya mzere uja pa sikirini, 11:40 m'mawa, ndinadziwa. Nthawi imeneyo iwo anali kusikelo, a manejala anali panja pafoni. Pa kiyibodi panali ine. Ndinadumpha nambala 1.

Ndinanena. Sichinali chamuna ayi, mawu ankanjenjemera. Mlimiyo analandira ndalama yake yotsala sabata yotsatira, atadikira masiku anayi chifukwa cha chala changa. Koma chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti pakanapanda hadikava ija ndi kanthawi kaja, mlandu ukanagwera mayi amene sanalakwe chilichonse, kachiwiri m'sabata imodzi.

Loweruka ndi Lamlungu ndinakhala m'kachipinda kamene ndinkachita lendi cha ku Mua, ndikuwerenga buku la malangizo a MySQL pafoni mpaka bandulo kutha. Zimene ndinapeza zinali poyera, zoti ndikanazidziwa kale.

Mu MySQL akaunti si dzina lokha. Ndi dzina pamodzi ndi kumene munthuyo akuchokera. Zili ngati ukafika pakhomo la mfumu kumudzi kwa eni: ukati odi, safunsa dzina lokha, amafunsanso kuti ndinu a kwa yani. Banda wa kwa Kachindamoto ndi Banda wa kwa Kaphuka ndi anthu awiri, ngakhale dzina ndi limodzi. Chimodzimodzi 'kalaliki' wochokera pa adiresi iyi ya intaneti ndi 'kalaliki' wochokera pa adiresi ina, kwa MySQL ndi maakaunti awiri osiyana, iliyonse ndi pasiwedi yake ndi zilolezo zake. Manambala aja a pambuyo pa @ amene sindinawawerenge anali seva ikutiuza kuti ikutiona tikuchokera kuti. Ndipo "using password: YES" satanthauza kuti pasiwedi ndi yolondola kapena yolakwika. Amangonena kuti pasiwedi inatumizidwa.

Lolemba m'mawa munthu wa IT anayankha foni, ndipo nkhani yonse inatuluka. Sabata yapitayo anaona m'ma log kuti makompyuta achilendo ochokera kumaiko akutali akugogoda pa port 3306, khomo limene MySQL imamvetsera, akuyesa mayina ndi mapasiwedi usana ndi usiku. Izi zimachitikira seva iliyonse imene yasiya khomo limeneli poyera. Anachita mantha, ndipo anali ndi chifukwa. Akaunti ya kalaliki inali ndi chizindikiro cha % kumbali ya kochokera, kutanthauza kuti ilowe kuchokera kulikonse. Anachotsa % ija n'kuikapo adiresi ya IP imene rauta yathu inali nayo tsiku limenelo. Akaunti ya a manejala anaisiya ndi % yake poti iwo amayendayenda. Sanauze aliyense, chifukwa kwa iye palibe chimene chinasintha kwa ogwiritsa ntchito.

Lachiwiri usiku magetsi anathima. Pa Golomoti pomwepa pali munda wa ma solar wa 20 MW wokhala ndi mabatire ake, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, koma magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse, sabwera molunjika pa soketi yathu. Rauta inazima, itayakanso inapatsidwa adiresi ina, monga zimakhalira ndi intaneti ya SIM card. M'mawa mwake mayi aja anagogoda ndi dzina lolondola ndi pasiwedi yolondola, koma akuchokera "kumudzi" kumene seva sinkakudziwa.

Pali kanthu kena kamene kanandipweteka nditakamvetsa. Pakanakhala kuti pa seva palibe akaunti ngakhale imodzi yololedwa kuchokera pa adiresi yathu yatsopano, uthenga ukanakhala wina, ERROR 1130, umene umanena mosabisa kuti host iyi siyololedwa kulumikizana. Pamenepo palibe akanaloza chala pasiwedi. Koma chifukwa akaunti ya a manejala inali yotsegukira dziko lonse, seva inatilola kufika pachipata, n'kutikana ndi 1045, uthenga umene aliyense amaumva ngati "waiwala pasiwedi". Khomo lomwe lija limene tinazembera ndi limenenso linabisa vuto.

"Ndipatseni IP yanu, achimwene," anatero wa IT uja. Ine mwachangu ndinalemba ipconfig n'kumuwerengera 192.168.8 ndi kanambala kotsatira. Anaseka mpaka kutsokomola. Imeneyo ndi adiresi ya m'nyumba, imene rauta imapatsa laputopu, ndipo kunja kwa ofesi ilibe tanthauzo. Imene ankafuna inali pa sikirini kuyambira Lachitatu, pambuyo pa @.

Anapanga akaunti yatsopano ali m'galimoto. Mayi aja analemba pasiwedi yawo, inalowa, ndipo anandiyang'ana osanena kanthu. Koma mlimi woyamba atafika, podina batani losunga, kunatuluka china: ERROR 1142, "INSERT command denied". Tsopano tinali m'nyumba, koma tinaloledwa kuona kokha. Akaunti yatsopano imabadwa yopanda chilolezo chilichonse, ndipo mwaphuma iye anaipatsa SELECT yokha, ya kuwerenga, n'kuiwala INSERT, ya kulemba mzere watsopano. Foni ina, mphindi makumi awiri, GRANT imodzi, zinatheka. Lachitatu magetsi anathimanso, ndipo tinabwerera pomwe tinayambira.

Apa m'pamene ndinayamba kukangana naye, mwaulemu, poti iye ndi wamkulu ndipo ndiye anali wodzasainira fomu yanga. Kumanga akaunti pa adiresi ya rauta ya SIM card kuli ngati kumanga mbuzi pamsana pa ng'ombe yoyenda. Komanso makampani a mafoni kawirikawiri amagawira adiresi imodzi ya panja kwa makasitomala ambiri nthawi imodzi, moti ngakhale tsiku limene zikuyenda, adiresiyo siyathu tokha. Iye ankati njira ina ndi kubwezera % ija, ndipo sangachite. Ndinagwirizana naye kuti asachite. Chimene tinachita pamapeto pake ndi VPN ya WireGuard: laputopu ya ku Mtakataka imayamba yalumikizana ndi seva kudzera m'kanjira kotsekedwa, n'kupatsidwa adiresi ya mkati imene sisintha kaya rauta izime kakhumi. Akaunti inamangidwa pa adiresi imeneyo, ndipo port 3306 inatsekedwa kwa anthu onse akunja. Ntchito yeniyeni inatenga madzulo amodzi. Kugwirizana kuti ichitike kunatenga masabata awiri.

Tinapanganso maakaunti atatu, aliyense yake. Ya kalaliki ili ndi SELECT ndi INSERT. Kukonza mzere wolakwika, UPDATE, ndi kwa a manejala okha, ndipo DELETE palibe aliyense wa ku ofesi kuno ali nayo. A manejala sanakondwe kuti akaunti yawo yachepetsedwa mphamvu, anati tikuwakayikira. Amene anawatembenuza mtima ndi mayi aja, amene anangoti, "Bwana, tsiku lija dzina linali lanu pa mzere umene simunalembe." Tsamba lakumapeto la buku la malisiti linang'ambidwa tsiku lomwelo.

Ndisanachoke ndinalemba pepala m'Chichewa n'kulimata pakhoma pafupi ndi kalendala. Silinali lalitali. Linkati muyambe mwawerenga nambala ya vuto, chifukwa imanena pamene mwaimitsidwa. Mukaona 2003 ndiye kuti simunafike n'komwe, vuto lili panjira: onani rauta, bandulo, VPN, ndipo musavutike ndi pasiwedi. Mukaona 1130 kapena 1045 mwafika pachipata koma mwakanidwa, ndiye werengani zimene zalembedwa pambuyo pa @ musanayambe kudzikayikira. Mukaona 1044 kapena 1142 mwalowa, koma chipinda chimene mukufuna kapena ntchito imene mukufuna kuchita simunapatsidwe, ndipo kulembanso pasiwedi sikungathandize. Ndinaonjezera 1129, imene imabwera seva ikatseka adiresi yanu chifukwa kulumikizana kwadukaduka kambirimbiri pakati panjira, chinthu chimene netiweki ya kuno ingachite popanda wina kulakwa. Pansi pake ndinalemba kuti jambulani uthenga wonse pafoni, osati theka. Amene mumagwiritsa PostgreSQL, nkhani ndi yomweyi, kungoti kochokera kumalembedwa mu fayilo ya pg_hba.conf ndipo khomo ndi 5432.

Tsopano chimene ndikufuna kukangana ndi anzanga a m'kalasi ndi inu amene mwangomaliza kumene. Ambirife database tinaiphunzira pa XAMPP, pa laputopu yathu yomwe, ndi akaunti ya root yopanda pasiwedi. Pa localhost palibe mtunda, palibe magetsi othima pakati pa iwe ndi seva, palibe munthu wachiwiri. Timatha zaka zitatu tikujambula ma ER diagram ndi kuloweza normalisation, project n'kupeza A, koma osalembapo GRANT ngakhale kamodzi. Ndiye tikapita kumunda n'kukanidwa, tili ndi mankhwala awiri okha amene tikuwadziwa: kunena kuti wogwiritsa ntchito walakwitsa, kapena kutsegula chilichonse ndi root ndi %. Ine ndinamwa onse awiri m'mawa umodzi.

Ndipo taonani kumene mlandu umagwera. Wopanga dongosolo ali ku Lilongwe, uthenga wa vuto uli m'Chingerezi cha akatswiri, amene angakonze ndi munthu mmodzi wosamalira maofesi angapo. Woonekera kwa alimi ndi kalaliki, amene malipiro ake ndi ochepa kuposa onse, ndipo makina akakana, aliyense amayamba waganiza kuti iye ndiye mbuli. Sindikunena kuti wa IT uja ndi woipa. Kutseka kunali koyenera, ndipo m'database muja muli mayina ndi manambala a mafoni a anthu pamodzi ndi ndalama zimene alandira, zinthu zimene wakuba wa pafoni amazifuna kwambiri. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limene limaletsa kulowa m'makompyuta popanda chilolezo, komanso Data Protection Act ya 2024 imene imapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri ya anthu kuti aiteteze. Cholakwa chake chinali chakuti anasintha loko osauza okhala m'nyumba, ndiponso sanafunse kuti intaneti ya ku Mtakataka imabwera bwanji. Akanaimba foni ya mphindi ziwiri, mayi aja akanamuuza kuti karauta kamazima kangapo pa sabata.

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani, kuti kubwerekana pasiwedi kumachitika paliponse ndipo ntchito imayenda. N'zoona, kumachitika, ndipo sikuti anthu ndi aulesi. Alimi akakhala padzuwa ndi ana kumsana, sunganene kuti dikirani mpaka wa IT adzuke. Koma njira yachitatu inalipo m'kabati momwemo, ndipo ine wophunzira ndi amene sindinaione chifukwa inali ya pepala. Tikanalemba m'hadikava, kupereka malisiti a pamanja, n'kudzalowetsa zonse akaunti ikakonzedwa, aliyense ndi dzina lake. Machitidwe aakulu amene amagwira ntchito m'madera ngati ano anaganizira zimenezi kale. DHIS2, imene zipatala za m'dziko muno zimatumizira malipoti, imapatsa munthu aliyense akaunti yomangidwa pa chipatala kapena dera lake, ndipo pulogalamu yake ya pafoni imalola kulemba popanda netiweki n'kudzatumiza pambuyo. Kapulogalamu kathu kanalembedwa ndi munthu amene mwina sanakhalepo pamalo pamene rauta imakhazikidwa pa chitini cha penti.

Logbook yanga ndinaikonza. Tsamba la Lachitatu lija ndinakhwatcha mzere wakuti ndathetsa vuto la login, n'kulemba pambali zimene zinachitikadi. Amene anabwera kudzandiyendera kuchokera kusukulu anawerenga, n'kundifunsa ngati ndikufunadi kuti zikhale momwemo. Ndinati zikhale.

Mu September, ndili m'kalasi, foni inalira. Anali mayi aja. Ndinatuluka panja mtima uli m'mwamba.

"Mwanawe, usadandaule, sindikufuna thandizo. Yatulutsa 2003. Ndaona rauta, bandulo yatha, ndatuma mwana akagule. Ndimafuna ndikufunse, pepala lako lija lanyowa ndi mvula yodontha padenga la chaka chatha, inki yafufutika pa mzere wa 1142. Unalemba kuti chiyani paja?"

Ndinawauza, iwo akulemba, ndipo ndinkamva sikelo ikulira kumbuyo kwawo.